Chizungulire cha a Mleme

Mphekesera imene yadzaza msewu wathu ndi yoti alamu anga, a Mleme, ayamba kukwera padenga ataledzera. Akuti amadzandira pamakwerero m'mawa ndithu, maso ali psuu, manja akunjenjemera. Mayi wogulitsa misomali pakona paja amachita kulumbira kuti anamva fungo. Mayi ameneyu chimfine sichimuchoka chaka chonse, ndiye fungolo analimvera pati sindikudziwa.

Ine sukulu ndinaisiya isanandizolowere, koma nkhani iyi ndiiwongola, chifukwa ndinalipo. A Mleme anakwatira achemwali anga, ndipo timagwira ntchito limodzi yokhoma madenga. Iwo amakhala pamwamba, ine ndimapatsira malata pansi, poti mimba yangayi ndi denga sizimvana. Dzinalo tinawapatsa chifukwa amatha kukola miyendo pamtanda n'kulendewera chadodolido uku akukhoma. Mowa samwa. Ngakhale paukwati wawo ankangomwa madzi ngati ng'ombe, ine n'kumawamwera gawo lawo.

Munthuyu ankakhoma akuimba mluzu. Nyimbo yake inali imodzi, yoipanso, koma ukaimva unkadziwa kuti pamwamba pali bwino. Chaka chatha mluzuwo unangozima. Panalibe maliro, panalibe ndewu kunyumba. Chinthucho chinangowalowa mwakachetechete ngati dzimbiri. Chakudya ankangochitokosa. Achemwali ankati bamboyo amagona maso ali kudenga, mwana wawo akamawalankhula osayankha. Kuntchito ndinayamba kuwaona atakhala pamtanda, hamala ili m'manja, akuyang'ana pansi nthawi yaitali.

Tsiku lina anandiitana ali pamwamba pomwepo.

"Alamu, munthu atagwa kuchokera pano, angamve kuwawa?"

Ine nthabwala sizindithera, koma tsiku limenelo zinandithera. Ndinawanyengerera kuti atsike, ndinakauza achemwali, ndipo masana omwewo tinali kuchipatala.

Adokotala anacheza nawo nthawi yaitali. Anati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Anawalembera mapilitsi, limodzi m'mawa uliwonse. Anawauza kuti asayembekezere kusintha mawa lake, pamatenga masabata. Masiku oyamba asakwere, mwina azimva tulo. Mowa ayi. Mankhwala ena, kaya ogula kaya azitsamba, ayambe afunsa. Maganizo ofuna kufa akabweranso, athamangire kuchipatala osadikira tsiku lowalembera. Ndipo anabwereza kuti ngakhale atamva bwino chotani, asasiye okha.

"Mwamva, bambo?" anatero achemwali.

"Ndamva," anayankha a Mleme.

Pang'onopang'ono munthu anabwerera. Mbale inayamba kuyera. M'mawa wina ndikukoka lata ndinamva nyimbo yoipa ija ikutsika kuchokera kudenga, ndipo ndinayamba kutsokomola dala kuti anzanga asaone nkhope yanga.

Apa ndi pamene umisiri unawapusitsa. Kwa a Mleme, ntchito ikatha umachotsa makwerero, kusesa zidutswa, n'kumapita. Anadziona kuti achira, basi anatseka botolo la mapilitsi n'kuliponya m'bokosi la zida pamodzi ndi misomali. Sanauze munthu.

Sabata isanathe anayamba kugwira khoma akamadzuka. Ankatuluka thukuta kunja kukuzizira. Nseru, ukali wopanda mutu, mpaka kukalipira kapitawo wathu chifukwa cha tepi yoyezera. Akatembenuza mutu ankatsinzina ngati wina wawamenya. Nditawafunsa anati, "Muli ngati magetsi m'mutumu, akungothetheka." Ndinawauza kuti ndi bwino, kunyumba kwawo sadzagulanso makandulo. Sanaseke. Anthu odutsa mumsewu ankawaona akudzandira ndi makwerero paphewa, ndipo mphekesera inabadwira pamenepo.

Nthawi imeneyo tinkafolera nyumba yosanja. Mphepo inali itayamba kale m'mawa, malata akulira okha pamulu. A Mleme anakwera. Ndinamva hamala ikugunda, ikugunda, kenako zii. Ndiye panamveka phokoso la chitsulo chikutsetsereka palata, pang'onopang'ono, ngati chikuganiza kaye. Hamala inatulukira kumapeto kwa denga n'kudzakumba dothi pafupi ndi phazi langa.

Ndinakwera, ine wa mimba uja. Ndinawapeza atagona chafufumimba pamalata, zala zitakola m'mphepete, nsapato imodzi ikulendewera panja.

"Alamu, gwirani nyumbayi, ikuzungulira," anatero ndi mawu otsika.

Tinawamanga chingwe m'chiuno, ine ndi kapitawo, n'kuwatsitsa ngati thumba la simenti. Kapitawo anawanunkhiza kukamwa, osamva kanthu, n'kuchokapo akupukusa mutu.

Tinakhala pamthunzi wa khoma. Atapezako mpweya anakoka bokosi la zida, anafukula botolo lija pansi pa misomali, n'kukhuthulira mapilitsi m'dzanja. Osati limodzi. Dzanja la a Mleme ndi lalikulu, ndipo pakati pake panayera.

"Mukutani, alamu?"

"Ndinasiya kumwa. Ndi chimene chikundizunguzachi. Ndibweze onse amene ndinadumpha."

"Onse nthawi imodzi?"

"Ukadumpha misomali pamzere umatani? Umabwerera n'kukhoma yonse. Tapatseni madzi."

Ankalankhula modekha, ngati akundiuza muyeso wa thabwa. Ndinawagwira dzanjalo ndi manja anga onse awiri n'kulifumbatitsa.

"Mimba yanu si lata, alamu. Achemwali anga ndinakupatsani ali bwinobwino, simundibwezera ali wamasiye. Kwathu kulibe malo."

Anandiyang'ana. Munthuyu amapinda chitsulo ndi manja, akanafuna akanandikutumula ngati fumbi. Tinakhala choncho, dzanja lawo lili m'kati mwa anga, mpaka linafooka. Mapilitsi ndinawabwezera m'botolo, botolo m'thumba langa, ndipo ndinaimbira achemwali.

Kuchipatala, adokotala aja atamva anavula magalasi. Anati chizungulire ndi magetsi aja zimabwera munthu akasiya mankhwalawa mwadzidzidzi, ndipo matenda enieniwo amathanso kubwerera. Anati pilitsi lodumphidwa silibwezedwa powirikiza, ndipo dzanja lodzaza lija likanatha kuwavulaza koopsa. Adzayambiranso pa mlingo umene adokotalawo anene. Tsiku losiya likadzafika, adzachepetsa pang'onopang'ono, akuonana.

Kenako anawafunsa mosazungulira ngati pokhuthula mapilitsi aja ankafuna kudzipha. A Mleme anati ayi, ankafuna kukonza cholakwika. Adokotala anapempha achemwali kuti botolo azisunga iwo. Ine yankho lija ndimalikhulupirira. Masiku ambiri ndimalikhulupirira.

Pano a Mleme amamwa pilitsi lawo achemwali akuona. Kukwera n'koletsedwa mpaka adokotala adzalole, ndiye ali pansi ndi ine, akudula malata. Amadula bwino, koma khosi lili m'mwamba. Mitambo yayamba kuda, mwini nyumba akubwera kawirikawiri, ndipo kapitawo wayamba kufunsa ngati sangakwereko pang'ono pokha, kumbali yotsika. Makwerero ndimawagoneka kuseri kwa mchenga, ndipo ndikapita kokodza ndimathamanga pobwerera.

Dzulo ndinapita kukagula misomali pakona paja. Mayi uja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti wamva zoti a Mleme awatsitsa padenga chifukwa cha mowa, ndipo achemwali akuwabisira botolo. Ndinabwerera n'kukawafotokozera alamu anga mawu ndi mawu, mpaka kutsanzira mphuno yotsekayo.

Sanasiye kudula. Lata litaduka analikankhira kumbali ndi phazi.

"Kawauzeni kuti botololo lilipodi, ndipo ndimamwa m'mawa uliwonse. Ndikudwala. Nthawi imene ndinasiya kumwa ndi imene ndinatsala pang'ono kufa."