Pakamwa pa Mayi Glenys

Ku Barrumba kulibe munthu amene sanakalipidwepo ndi Mayi Glenys Zillmann. Abusa anakalipidwa, wapolisi wa m'tauniyo anakalipidwa, ngakhale ng'ombe za eni zikamva mawu awo zinkatembenuka zokha. Sikuti anali ankhanza, ayi. Ndi mawuwo basi, mawu oti anakulira kuitana agalu oweta ng'ombe kutsidya kwa dambo. Akati akukunong'oneza, wa kusitolo amakhala atamva kale.

Amuna awo atamwalira anawasiyira famu youma, kamwana kakakazi dzina lake Raelene, ndi bwalo la tenisi kuseri kwa nyumba. Bwalolo linali la dothi la pachulu, ngati mabwalo onse akale a kumidzi ya ku Queensland. Mumagwetsa chulu, kutuira pa pikapu, kuphwanya, kuyala, kuthira madzi, kenako kugudubuzapo chimgolo chodzaza simenti mpaka msana utakana. Likauma limakhala lofiira, kamchenga kali pamwamba. Munthu wodziwa sathamangira mpira mpaka kuufika pa bwalo lotere. Amathamanga pang'ono, n'kuponya mwendo kutsogolo, kwatsalako n'kutsetsereka, fumbi lili koboo.

Loweruka lililonse anthu a m'mafamu ankasonkhana pabwalopo, aliyense ndi mbale yake ya masikono a maungu, kusewera mpaka ntchentche zitawatopetsa. Mayi Glenys anali katswiri wa chigawo chonsecho pa utsikana wawo, ndipo sankalola kuti aliyense aiwale zimenezo. Raelene anayamba kugwira chomenyera mpira chisanamukwane m'manja. Make mbuu, mwana mbuu. Mpira ukagwera kutali, mawu aja ankabangula kuchokera pakhonde:

"Tsetsereka! Tsetsereka, iwe! Miyendoyo ndinakuberekera yokongoletsa?"

"Alamu, mumuphulitsa makutu mwanayo," ankatero a Merv, achimwene a malemu amuna awo, bambo wamimba wosadziwa kukwiya.

"Inu idyani sikono mukhale chete. Munayamba mwapambanapo chiyani, kupatula mpikisano wogona?"

Asanakwanitse zaka makumi awiri, Raelene anali atagonjetsa aliyense wa m'chigawocho, amuna omwe. Anthu a tenisi a ku Brisbane anamutenga. Ulendo woyamba Mayi Glenys anamuperekeza, ndipo sipanathe ola asanawatulutse m'bwalo chifukwa cha phokoso. Tenisi ya m'tauni imaseweredwa anthu ali zii ngati pamaliro. Raelene analira ndi manyazi tsiku limenelo, n'kupempha amayi ake kuti asamabwerenso. Mayi Glenys anati, "Chabwino, ng'ombe zanga sizindithamangitsa," koma zinawapweteka kwambiri, ndipo analira okha m'galimoto njira yonse.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Raelene anayenda, abale! Ku Italy, ku Japan, ku Mexico, m'timatauni toti ngakhale eni dziko sakudziwa, chikwama kumsana, kuchapa yekha masokosi m'sinki ya kuhotela. Pa mabwalo a dothi a ku Ulaya ankavuta zedi, poti ankatsetsereka ngati anabadwira pomwepo. Koma mabwalo ambiri ndi olimba, a simenti yopaka utoto, ndipo nsapato imagwira pamenepo ngati yapondera ulimbo. Aphunzitsi ake onse ankamuuza chinthu chimodzi: kutsetsereka kwa kwanu kuja ukusiye, pano uthyoka. Anakusiyadi, movutikira.

Sanali wotchuka. Pa wailesi yakanema simukanamuona. Chimene ankafuna moyo wake wonse chinali chimodzi: kulowa ngakhale kamodzi kokha mu mpikisano waukulu wa ku Melbourne wa mu Januwale, dzina lake kutchulidwa m'dziko lake lomwe. Chaka ndi chaka ankagwera pakhomo, m'masewero osankhira olowa. Mayi Glenys ankamva zonsezo pa foni, ali kukhola, n'kumakalipira ng'ombe zosalakwa.

Chaka chimene Raelene anapitirira zaka makumi atatu, anati chimenecho n'chomaliza, mawondo atopa. Mu Disembala kunali mpikisano wa atsikana a mu Australia okhaokha, wopambana n'kupatsidwa malo mu waukulu uja. Raelene anapambana koyamba. Anapambana kachiwiri. Mayi Glenys anasiya kudya. Atapambana kachitatu foni inalira.

"Amayi, ndafika mu ndime yomaliza. Bwerani."

"Ndibwere ine? Si paja ndimakuchititsa manyazi?"

"Bwerani, Amayi. Koma chonde, pakamwapo."

"Pakamwa panga patani? Ndikhala chete ngati mwala!"

Anakuwa choncho mpaka galu anathawira kunsi kwa thanki.

Ndege anaikana. Anasiyira anansi ng'ombe, n'kuuyatsa wa ku Melbourne pa pikapu ndi a Merv, masiku awiri akukangana za njira. Polowa m'bwalo a Merv anatulutsa jumbo ya maswiti olimba.

"Alamu, limodzi likatha muziponya lina. Pakamwa pasakhale mpata."

Wopikisana ndi Raelene anali mtsikana wa ku Perth, wamng'ono kwa Raelene ndi zaka zoposa khumi, wamiyendo ngati ya gwape. Chigawo choyamba anatenga mtsikanayo. Chachiwiri Raelene anachilanda ndi mano. Chachitatu zinafika pa mwana wakana phala, dzuwa likuswa mtengo, aliyense thukuta kamukamu. Mayi Glenys anali atatafuna maswiti onse, n'kuyamba kutafuna chipewa. Koma chete anakhaladi.

Kenako inakwana nthawi ija: pointi imodzi yokha, Raelene alowe mu mpikisano waukulu uja. Anamenyerana, anamenyerana, Raelene ali kumbuyo kwenikweni kwa bwalo. Mtsikana uja, kuchenjera kwake, anangougunda pang'ono mpira kuti ugwere kuseri kwa ukonde, kutali. Mayi Glenys anaona mtunda umene unalipo, anaona mwana wawo, ndipo simenti yabuluu ija sanaionenso. Anaona bwalo lawo lofiira la kuseri kwa nyumba.

"Tsetserekaaa!"

Mbalame zinabalalika padenga. Raelene anaponya mwendo kutsogolo monga ankachitira ali kamwana. Nsapato inalira kwiii pa simenti, inayenda pang'ono, n'kugwira mwadzidzidzi. Chomenyera chinaupeza mpira utatsala pang'ono kugundanso pansi. Unakwera, unadumpha ukonde, unagwera mkati, mtsikana wa ku Perth ali kukamwa yasa. Bwalo lonse linaphulika! A Merv ankalumpha ngati mwana, mimba ili bwafubwafu, akupsompsona anthu osawadziwa.

Koma Raelene sanadzuke. Anali chigonere pafupi ndi ukonde, atagwira kakolo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Dokotala anati fupa lili bwino koma mtsempha wang'ambika, ndipo mwendo wotere umafuna miyezi iwiri. Mpikisano unali utatsala mwezi umodzi ndi kanthu. Anati mwina, mwinatu, ngati angayambe kuthamanga pamalo ofewa, osati pa simenti. Raelene anangoti, "Ndikachirira kwathu."

Kuyambira m'chipatalamo Mayi Glenys anatseka pakamwa. Malo aja mwana wawo anawasaka zaka zonsezi, anawapeza, ndipo iwo, mayi wake womubereka, anamuthyola nawo mwendo pakhomo penipeni. Njira yonse yobwerera sanakangane ndi a Merv ngakhale atasochera. Raelene akawayankhula ankangogwedeza mutu.

Ku Barrumba kunali chilala. Bwalo lija linali litang'aluka ngati chidendene. M'mawa wotsatira Mayi Glenys anatenga pikapu ndi pikisi, n'kukagwetsa chulu okha. Madzi a m'thanki ya panyumba, omwa ndi osamba, anayamba kuwathira pabwalo, maluwa awo a pakhonde akufota akuwaona. Anansi atamva anabwera osaitanidwa, wina ndi mgolo wa madzi, wina ndi thirakitala, amayi ndi mbale za masikono. Ankagwira ntchito akuyang'anayang'ana kwa Mayi Glenys, kudikira kukalipidwa. Wapolisi uja analemba mzere wa laimu wokhota dala. Mayi Glenys anaufufuta n'kulembanso okha, osanena kanthu.

"Alamu, tikalipireni pang'ono, mwatani kodi?" anatero a Merv. "Anthu akuopa. Akuti mwina mukudwala."

Mayi Glenys anangokoka chimgolo chawo n'kupitirira.

Raelene anayamba ndi ndodo. Kenako kuyenda mozungulira bwalo. Itadutsa Khirisimasi ankamenya mpira ataima malo amodzi, ndipo chaka chatsopano chitalowa anayamba kuthamanga pang'onopang'ono pa dothi lofewalo, kakolo atamukulunga ngati mwana wakhanda. Mayi Glenys ankamuponyera mipira, n'kutola, n'kuponyanso. Tsiku limene dokotala anavomera, tauni yonse inamva ndi mabelu a galimoto ya a Merv.

Anabwereka basi ya sukulu. Barrumba yense anakwera: abusa, wapolisi, mwini sitolo atatseka sitolo yake, akuimba njira yonse ngati opita ku ukwati. Maere anamugwetsera Raelene pa mmodzi wa akatswiri enieni a dziko lonse, mayi wamtali wa ku Ulaya, ndiye anawaika pa bwalo lalikulu, anthu ali thithithi mpaka kumwamba. Chimkuzamawu chitatchula kuti Raelene Zillmann wa ku Australia, a Merv anabangula kulira ngati ng'ombe. Mayi Glenys anaona mwana wawo akutuluka m'kanjira kaja, chikwama paphewa, akutsimphina pang'ono moti mayi yekha ndiye angaone. Analuma chipewa.

Koma masewerowo, kalanga ine! Mipira ya mayi wa ku Ulaya inkabwera ngati miyala ya legeni. Raelene ankaima chowongoka, woumauma, mpira ukagwera patali ankangouyang'ana. Pakutha pa pointi iliyonse ankaponya maso kumene kunakhala a ku Barrumba. Chigawo choyamba chinatha mwamsanga, Raelene osapatapo kanthu. Anthu anayamba kumumvera chisoni, kuwomba m'manja mwaulemu muja amachitira kwa munthu woti wagonja kale.

Pa nthawi yopuma Raelene sanakhale pampando. Anaponya thaulo pansi, anayenda mpaka kumpanda, n'kuyang'ana m'mwamba, manja m'chiuno.

"Amayi! Mwafa kodi?"

Bwalo lonse linati zii.

"Ndazungulira dziko lonse kuti ndidzafike pano, inu n'kumadya chipewa? Mukuona mmene ndikuseweramu, simunena kanthu?"

Mayi Glenys anachotsa chipewa pakamwa. A Merv anawagunda ndi chigongono. "Alamu, mwana wapempha yekha. Tsegulani mpopi."

Mayi Glenys anaimirira.

"Pinda mawondo, waulesi iwe! Waima ngati mtengo wa mpanda! Ukumuopa chiyani ameneyo, ali ndi miyendo itatu? Mpatse kumanzere, sukuona kuti kumanzereko ndi wolumala!"

Ha! Anthu zikwizikwi anafa nalo phwete. Woimbira masewero pampando wake wautali anapempha bata, naye akubisa kuseka. Raelene anabwerera m'bwalo mano onse ali pamtunda, ndipo mpira woyamba anaumenyera kumanzere kwa mayi uja ndi mphamvu zake zonse. Unalowa! Wachiwiri unalowanso. Atatenga gemu yake yoyamba, kachidutswa chabe ka chigawo, bwalo linagwedezeka ngati watenga chikho. Mayi Glenys tsopano anali ataphunzira: mpira ukamayenda, chete, ukangofa, mkuntho. Anthu osawadziwa anayamba kuwathandiza, bwalo lonse likukuwa kuti pinda mawondo. Raelene anatenga gemu yachiwiri, yachitatu, yachinayi, mpaka katswiri uja anayamba kutukwana m'chinenero chakwawo. Abusa anakwera pampando ndi nsapato.

Raelene anagonja, inde. Katswiri ndi katswiri, ndipo kumapeto mwendo uja unakana. Koma anthu anaimirira onse pamene ankatuluka, ndipo iye anazungulira, kuyang'ana mbali zonse zinayi, pang'onopang'ono, poti ankadziwa kuti sadzabweranso.

Anakumana kuseri, m'kanjira ka osewera, Raelene ali pa benchi, kakolo ali mu ndowa ya madzi oundana. Mayi Glenys anagwada pa simenti n'kugwira mwendowo ndi manja awo okhakhala. Mawu anali atawathera, kunatsala kamphepo chabe.

"Ndinakuthyola ndine, mwanangu. Ukanalowa muno ndi miyendo iwiri yabwino."

Raelene anawagwira dzanja.

"Ndiye chimene munakhalira chete mwezi wonse n'chimenecho? Amayi, mpira uja ndinali nditausiya. Ndinaona kuti uli kutali, mumtima ndinati basi, zakanikanso, ndizipita kwathu. Ndinali nditayamba kale kuima. Mukanapanda kukuwa, bwenzi lero ndikuonera pa kanema."

Mayi Glenys anatsamiritsa mutu pa bondo la mwana wawo n'kulira, mapewa akugwedezeka, Raelene akuwasisita imvi ndi dzanja lonyowa. Panja a Merv anali akuimba belu la basi.