Anachotsedwa Ntchito Chifukwa Chotsuka Injini

Tsiku limene Nathovu anachotsedwa ntchito ndi tsiku limene anagwira ntchito ndi mtima wonse kuposa masiku onse.

Dzinali anamupatsa ndi anzake pamalo otsukira magalimoto, chifukwa mikono yake inkakhala mbuu ndi thovu la sopo. Anali mayi wa ana awiri. Mwamuna wake anachoka ponena kuti akukasaka ganyu, ndipo zaka zitatu zinadutsa osatumiza ngakhale moni. Sukulu anailekera panjira. Zimene ankadziwa ndi ndowa, chinkhupule ndi paipi basi.

Loweruka lina kunabwera galimoto yoyera yoti masana omwewo inyamule mkwatibwi. Mwini wake anali amalume a mkwatibwiyo, bambo wa suti yotuwa.

"Iwale paliponse, mayi. Ndati paliponse!" anatero bamboyo.

Nathovu atatsuka kunja ndi m'kati, anatsegula boneti n'kupeza fumbi ndi mafuta zitakakamira. Anatenga paipi yamphamvu ija, n'kupopera injini mpaka inati waliwali.

Amalume aja analowa akumwetulira, n'kupotokola kiyi. Galimoto inalira, koma kulira kwake kunali kwachilendo. Inakhosomola, inanjenjemera mpaka magalasi kugwedera, kanyali kachikasu kakuphethira kutsogoloku. Atapondako moto, inadumpha kawiri n'kuzima pageti penipeni.



"Mwaitani galimoto yanga?" anakuwa amalumewo.

"Ndangotsuka, bambo. Ndi injini yomwe."

"Injini? Wakutumani ndani? Mwana wa mlongo wanga wavala kale, akundidikira ine!"

Mwini malo otsukirawo sanafunse chilichonse. "Vula epuloniyo. Usadzapondenso pano."

Nathovu anavula epuloni ija. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi: wapha galimoto ya eni, waononga ukwati wa eni, ndipo ana ake adya chiyani mawa?

Wina akanathawira kunyumba. Iye anaika manja kumbuyo kwa galimotoyo n'kuthandiza kukankha mpaka pagalaja ya kutsidya kwa msewu. Ankafuna aone ndi maso ake chimene waononga.

Makaniko wamkulu pamenepo anali bambo wokalamba amene anthu ankangomutcha a Magalasi. Anailiza, n'kutchera khutu pang'ono.

"Yasamba liti?"

"Pompano," anayankha Nathovu.

A Magalasi anachotsa chivundikiro cha pamwamba pa injini, n'kuzula makoilo, timitu tokhala pamwamba pa mapulagi. Anaunika ndi tochi m'mabowo mwake. Awiri anali ndi madzi.

"Pulagi ndi imene imathetheka moto woyatsa petulo," anatero. "Nanga moto ndi madzi munaona kuti zikugwirizana?"

Anauzira m'mabowomo ndi mpweya wa kompuresa, anapukuta makoilo, anazula masoketi a mawaya n'kuwaumitsa. Anatsegulanso bokosi la fyuluta ya mpweya, n'kuigwira. "Youma. Mwayi wanu. Madzi akanalowa umu, bwenzi tikukamba zina."

Anapotokola kiyi. Injini inalira bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Theka la ola linali lisanathe. Amalume aja ananyamuka ndi liwiro osacheuka n'komwe.

Nathovu anaima kukamwa kuli yasa. Madzi osadzaza ngakhale kapu ndi amene anamudyera ntchito!

"Ndiye ndi zomwezo, bambo?"

"Zomwezo."

"Ndiphunzitseni."

Amakaniko onse anafa nacho chiseko. "Mayi, kuno n'kwa girizi, si kwa sopo," anatero a Magalasi.

Lolemba m'mawa anamupeza Nathovu akusesa pagalajapo. Lachiwiri chimodzimodzi. Palibe anamulankhula. Akachoka pamenepo ankakachapira anthu zovala kuti ana apeze chakudya, m'mawa n'kubwereranso ndi tsache lake. Amayi ake omwe anamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Patatha mwezi, a Magalasi anamuponyera ovololo yakale yong'ambika m'mawondo. "Mwatitopetsa. Gwirani tochi iyi, muziunika pomwe pali dzanja langa."

Anayamba ndi tochi, kenako sipanala. Zala zinatemeka, zikhadabo zinada osayeranso. Tsiku lina anamanga pulagi mopitiriza mpaka inathyokera momwemo. Anakalira kuseri kwa galaja, anapukuta misozi, n'kubwerera kudzafunsa kachotsedwe kake. Mayeso a umakaniko anawalephera ulendo woyamba. Wachiwiri anakhoza.

Patapita zaka zinayi, pagalajapo panabwera ambulansi ya kachipatala kena. Dalaivala wake anafotokoza kuti chitsukireni injini masabata awiri apitawo, galimotoyo ikumafooka pachitunda n'kumatulutsa utsi wakuda. Magalaja awiri anali ataumitsa kale mapulagi ndi kusintha makoilo, koma ayi ndithu. A Magalasi ndi anzawo analimbana nayo m'mawa wonse, mpaka anayamba kukamba zotsitsa injini.

Dalaivala anagwira mutu. "Ndi yokhayi imene tili nayo. Odwala akumabwera nawo panjinga."

Nathovu anamuyandikira. "Achimwene, wotsukayo anaima mbali iti ndi paipi yake?"

"Kumanzereku. Bwanji?"

Nathovu anayendetsa dzanja mbali imeneyo, waya ndi waya, mpaka anafika pa kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini. Anazula soketi yake. Kampira kotchinga madzi kanali kong'ambika, ndipo timano ta m'kati tinali titabiriwira ndi chinyontho. Anatipukuta bwinobwino ndi mankhwala ake, anaumitsa, n'kuikapo kampira kena.

Ambulansi inakwera chitunda cha kuseri kwa galaja ngati ikuthamangitsidwa. Utsi wakuda panalibe.

A Magalasi anavula magalasi awo, anawapukuta, anawavalanso, akumuyang'anabe Nathovu.

"Zaka makumi anayi ndili pansi pa boneti, koma funso limenelija silinandibwerere," anatero. Kenako anatembenukira amakaniko aja. "Kuyambira lero, galimoto yovuta ikalowa pano, muziyamba mwaitana amayiwa."

A Magalasi atapuma pantchito, makiyi a galaja anawasiya m'manja mwa Nathovu. Lero ana ake onse ali pasukulu, ndipo pagalajapo pali amayi ena atatu ovala maovololo. Aliyense wofuna kutsuka injini amamuuza zomwezomwezo: iyambe yazizira, makoilo ndi masoketi akutidwe ndi pulasitiki, ndipo paipi yamphamvu ikhale kutali.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero mwalakwitsa anthu akuona, ndipo manyazi akukuuzani kuti thawani. Musathawe ayi. Tsatirani chimene chaonongekacho, funsani, phunzirani, ngakhale akusekeni. Kugwa si kutha kwa ulendo. Dzukani, dzisaseni fumbi, ndipo osataya mtima.