Mawa ndibereka Pemphero kutsogolo

Lachisanu, mwezi wa Seputembala

Ndadzuka thupi lili lolemera, ngakhale sindikudwala. Ndilembe za ntchito yanga yoyambayi zisanandisokonekere m'mutu.

Anandipezera ndi azakhali anga, amene amagulitsa tomato pamsika wa Nchalo. Anamva kuti amake Pemphero, omwe amagwira ntchito muofesi ku esiteti ya nzimbe, akufuna mtsikana wodziwa kuwerenga woti azilera khanda lawo. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4. Ndinachoka kwathu ku Chapananga ndikudzimva kuti ndakula.

Wodziwa kuwerenga ankafunika chifukwa cha mankhwala. Pemphero, yemwe sanayambe n'kukwawa komwe, anali ndi matenda okomoka a makanda. Akangodzuka, kamutu kankagwera pachifuwa, timanja n'kutambasuka, n'kubwerezanso motsatizana, iye akulira. Madokotala a ku Blantyre anamulembera mankhwala a ufa woyera, a m'timapaketi. Amake anandiphunzitsa kung'amba kapaketi, kusungunula ufawo m'madzi owiritsa atazizira, kukoka ndi sirinji yopanda singano mpaka pamzere umene anaulemba ndi cholembera, n'kumuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya kuti asatsamwe.

"Usawonjezere, usachepetse, Jenifa. Ndipo usadumphitse," ankatero akamanyamuka.

Sindinadumphitsepo. Kukomoka kuja sikunabwerenso. Bambo ake, amene amayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe, ankati akafika, "Adokotala a ku Chapananga, wodwala wanu waswera bwanji?" Ndinkanyada.

Ntchito zonse ndinkagwira nditamubereka, ndipo tinali ndi kasewero kathu. Ndikamachapa matewera ndinkacheuka mwakachetechete. Iye akaona nkhope yanga ikutulukira paphewa ankaseka mpaka kudontha dovu. Masabata apitawa kaseweroko kanayamba kuzilala. Ndikacheuka, iye ali phee, maso pabulauzi yanga. Ndikamuitana amadzidzimuka, n'kuzunguza mutu kundifunafuna.

Ndinawauza amake ngati nthabwala, tikusenda mbatata pakhonde.

"Mwana wanu wayamba matama, mayi. Masiku ano sandiyang'ananso ndikacheuka."

Sanaseke. Anaika mpeni pansi, n'kutenga supuni yonyezimira. Anaibweretsa pang'onopang'ono kuchokera chakukhutu kwa mwanayo. Pemphero sanatembenuke mpaka supuniyo itafika patsogolo pa mphuno, m'pamene anatambasula dzanja. Anayesanso mbali inayo. Chimodzimodzi.

"Madokotala anandiuza," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lomwe amandipatsa mankhwalawa anandiuza kuti ana ena amawonongeka maso. Ndinavomera."

Dzulo tinakwera minibasi ya ku Blantyre. Kuchipatala, dokotala wachizimayi anamuwalitsa ndi katochi m'maso, n'kuyendetsa kachidole kofiira uku ndi uku. Anati kwa khanda n'kovuta kutsimikiza, adzamuyezanso ndi makina. Koma zikuoneka kuti akuona za kutsogolo zokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi, ndipo zimene zatayika sizibwerera.

"Ndiye tisiye lero lomwe?" anafunsa amake.

"Ayi, mayi. Mukasiya mwadzidzidzi, kukomoka kuja kungabwerere, ndipo kumawononga ubongo. Tizichepetsa pang'onopang'ono."

Dokotalayo anapempha sirinji yathu. Ndinaitulutsa m'chikwama, iye n'kulemba mzere watsopano m'munsi mwa wakale uja.

Pobwerera, titatsikira m'chigwa, kutentha kutatilandira, ndinalephera kudzigwira.

"Mayi, ndine ndinkamumwetsa. Ndi manja angawa."

Anandiyang'ana, maso ali psuu.

"Iwe unkachita zimene ndinakutuma, mwanawe. Usandilande katundu wanga. Ndisenza ndekha." Patapita kanthawi anandigwira bondo n'kunena m'Chisena chakwawo, "Takhuta." Sindikudziwa ngati ankathokoza za mankhwala kapena za nthabwala yanga ija.

M'mawa uno ndasungunulanso ufa uja. Madzi ena atayikira patebulo. Ndakoka mpaka pamzere watsopano. Pemphero wameza bwinobwino, atagwira chala changa, akundiyang'ana m'maso penipeni chifukwa ndinali patsogolo pake. Sadziwa kanthu.

Kusukulu tinkaphunzira kuti mankhwala amachiritsa. Palibe anandiuza kuti sirinji imodzi ingaletse mwana kukomoka, yomweyonso n'kumulanda maso, ndipo wolera amayenera kuikokabe mpaka pamzere. Ndikufunabe kudzakhala namwino. Ndikadzatero, mayi akadzandiuza kuti mwana wasiya kusekera kanthu kena, ndidzasiya zonse n'kumvetsera.

Mawa ndimanga chitenje mwa njira ina. Ndimubereka kutsogolo, pachifuwa. Ndikudziwa kuti azimayi a pampope andiseka, ati mwana wa ku Chapananga wayamba kubereka ngati azungu. Aseke. Pemphero akakweza maso, asamavutike kundifunafuna.