Phale la Amayi Linatsala ku Girisi

Ndivomere msanga: ndinayambitsa ndine, ndipo mpata utapezekanso ndikhoza kubwereza.

Kunyumba kwathu ku Mississauga, kutsidya kwa nyanja, kunali kamphika kadothi kamene amayi anaumba okha ali mtsikana ku Ntcheu. Tikusamuka nyumba, kanasweka. Bambo anasesa mapale n'kukataya m'bini, amvekere, "Zinyalalazi tinazikwezeranji ndege?" Amayi anapulumutsa phale limodzi, la mizere imene analemba ndi chikhadabo dothi likadali lofewa, n'kumayenda nalo m'chikwama.

Chaka chatha tinapita ku chilumba china cha ku Girisi. Bambo anatikokera ku myuziyamu ya zinthu zofukulidwa pansi. Mkatimo munali miphika yosweka yokhayokha, ina m'magalasi, ina pashelefu kuseri kwa chingwe. Bambo omwe aja ankayenda monyang'ama ngati alowa m'tchalitchi mochedwa.

Amayi atandipatsa chikwama kuti ndiwagwirire, ndinasolola phale lija n'kuliika pashelefu pakati pa anzake. Linakhala ngati kwawo.

Bambo anaima pomwepo. "Iwe, tasiya foniyo uone apa. Anthu awa anali ndi nzeru. Mizere iyi si ya munthu wamba."

"Ndi yakalekale eti, adadi?"

"Zaka masauzande. Kwathu zoterezi ndani akanazitha?"

Amayi anasuzumira. Kenako anati, "Chikhadabo changa chimenecho, bambo a mwana."

Atatambasula dzanja kuti atenge, mlonda anabwera chothamanga akugwedeza chala. Ndinaulula zonse, koma iye anati chopezeka pashelefu imeneyo sichituluka pakhomo mpaka akatswiri achiyeze, ndipo akatswiriwo anali kutchuthi. Mlondayo anavala magolovesi, n'kunyamula phalelo ndi manja awiri. Chinthu chimene kwathu chinakankhidwa ndi tsache. Anatilembetsa fomu, ndipo yankho mpaka lero silinabwere.

Amayi sanalire. Pasitima ya pamadzi yobwerera ankangopisa dzanja m'chikwama n'kulitulutsa lopanda kanthu. Chimenecho chokha ndiye chimandidya. Bambo sanapepesepo, ngakhale za bini ija. Amati wolakwa ndine, nkhani yathera pomwepo.

Anandilanda foni mwezi wathunthu, n'kundipatsa fosholo kuti sinowo yense wa chaka chimenecho ndichotse ndekha pakhomo. Ndinkafoshola ndikuimba mluzu. Bambo akasuzumira pawindo, ndinkawalozera m'mene fosholo yadutsa.

"Adadi, taonani mizere iyi. Si ya munthu wamba."