DVD Yokalikakalika ya pa Muloza

Dzulo, ndikusankhira ana anga DVD yotchipa pa Limbuli, fungo la pulasitiki yotentha linandibwezera pa Muloza, ndili kamtsikana kogwira dzanja la abambo anga.

Tsiku limenelo tinapita kukagula DVD. Ine ndinkafuna yasiliva, ya timagetsi tophethira. Abambo anatulutsa chimbale chimene wamalonda wina anawabweretsera kuchokera ku Mozambiki.

"Achimwene, tatiyeserani ichi," anauza wogulitsayo.

Yasiliva ija inachikana. Ina inangolira osaonetsa kanthu. Koma yakuda, yokalikakalika pamwamba ponse, inachilandira.

"Tikutenga yomweyi," anatero abambo. Ndinalira njira yonse pakabaza, poganiza kuti andimana dala.

Titafika kunyumba anailumikiza ku batire, n'kukhazika amayi patsogolo. Pa TV panatuluka mzimayi wa mpata m'mano, akuvina paukwati.

"Rosa! Ali moyo!" anakuwa amayi. Anagwira galasi n'kumalankhula naye m'Chilomwe, misozi ili chuchuchu. Anali mng'ono wawo amene anasiyana naye pothawa nkhondo ku Mozambiki. Ine ndinathamangira kuseri kwa TV, kufunafuna pomutulutsira.

Abambo anamwalira kalekale, koma mpaka lero ndimawathokoza kuti tsiku limenelo sanandimvere.