Timbululu m'botolo la a Yeremiya

Ndikamva fungo la kandulo yosungunuka ndimabwerera ku Kawale, dzinja lina ndili ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi. Kawale wa masiku amenewo anali fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, nyumba zazidina zothithikana, ngalande zodzaza achule. Kusukulu sindinkapita. Bambo anga ankati mwana wa kalipentala imamukwanira pensulo yapakhutu, ndipo ine ndinkavomereza chifukwa zinkandisiyira tsiku lonse loyendayenda.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala a Yeremiya, munthu wa ku Dedza, wowonda, wosakwatira. Ntchito yawo inali yotsuka mabotolo kumalo ena oyezerako dothi ndi mbewu. Atatsukira anthu ophunzira zaka zambiri, anatolako funso limodzi lomwe silinawachoke: moyo unayamba bwanji? Baibulo ankalidziwa, kwaya ankayimba nawo, koma ankati akufuna aone ndi maso dothi limene Mulungu anaumbira ndi madzi amene analikandira.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, anatchera madzi m'beseni ndi kuwawiritsa nthawi yaitali kuti chamoyo chilichonse chife. Anawathira m'mabotolo asanu, nawonjezamo phulusa, mchere, ndi fumbi lomwe anapala pa mwala wina wakuda. Mwalawo unali waung'ono koma wolemera modabwitsa, ndipo ankati unagwa kuchokera kumwamba m'munda mwa agogo awo. Anatseka mabotolo, kumata pakamwa ndi kandulo, n'kuwasanja padenga lamalata kuti dzuwa liwawotche ndi mphenzi iwawalire. Akaweruka ankakwera makwerero, kupenda botolo lililonse, n'kulemba m'kope mwawo liwu limodzi. Ndinawafunsapo kuti limati chiyani. Anati limati palibe.

Anthu a ku Kawale ankadziwa zonse. Amayi amene sankatha kulemba dzina lawo ankafotokoza zakumwamba pachitsime ngati anabadwirako. Abambo apabawo, amene nzeru zawo zinkathera pa njere zam'thabwa, anawapatsa a Yeremiya dzina lakuti Mlengi Wamabotolo, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola. Woposa onse anali a Kamwendo, mkulu wampingo, amene Lamulungu ankadzudzula kachasu yemwe mlamu wawo ankawagulitsira pakati pa sabata. Iwo ndiwo anayambitsa zoti munthu woika zinthu padenga nthawi yamabingu akuweta mphenzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukafunsa mwini wake chimene chinali m'mabotolomo. Kufunsa kukanaononga nkhani yokoma.

Ine ndinkangofuna kuti anzanga anditame. Masana ena a Yeremiya ali kuntchito ndinatapa timbululu titatu m'ngalande, tiana tachule tija takuda tamichira. Ndinakwera padenga, malata akuwotcha kumapazi, ndipo ndinatsegula botolo limodzi ndi msomali wa bambo anga. Nditaponyamo timbululu, ndinamatanso ndi kandulo ya mayi. Dontho lina linandipsereza chala, ndipo ndinakanikiza phulalo ndi chala chomwecho lisanaume. Ndinkayembekeza kuti mkuluyo avina, afuula kuti wapanga moyo, kenako ife tigubuduzika ndi phwete.

Dzuwa litapendeka ndinasonkhanitsa ana onse amumzere wathu, ndipo phokoso lathu linaitana akuluakulu. A Yeremiya anatsika ndi botolo lija m'manja. Analiyang'anitsitsa, koma kwa kanthawi kochepa chabe. Anasiya kuyang'ana zomwe zinkasambirazo, nayamba kupenda pakamwa pa botolo. Kandulo yawo inali yoyera, ya mayi inali yachikasu, ndipo pamwamba pake panali chidindo cha kachala.

"Wina watsegula," anatero mosakweza mawu. "Iti ndi timbululu tam'ngalande. Moyo sungayambe ndi mchira."

Anakhuthulira zonse m'ngalande. Pobwerera maso awo anaima pa chala changa chotupacho, kenako pankhope panga, ndipo analowa m'nyumba.

Anthu anzeru a ku Kawale anaona zina. Kwa iwo, mfiti inali itataya umboni anthu akuona. Patapita masiku ochepa mphenzi inang'amba mtengo wabulugamu kwa a Kamwendo ndi kupha mbuzi ziwiri zimene zinabisala pansi pake. Mphenzi inkagwa dzinja lililonse, koma ino inali ndi mwini wake. Lamulungu lotsatira, anthu asanavule n'komwe zovala zakutchalitchi, anawazungulira a Yeremiya pabwalo pawo. Iwo anafotokoza zowiritsa madzi, zomata, ndi zoti chinthu cholowa kuchokera kunja chimaononga ntchito yonse. Zinali ngati akulalikira nkhuku.

"Ngati wina anatsegula, mutchuleni tsono," anatero a Kamwendo.

"Sindinamuone akutsegula," anayankha a Yeremiya.

Sananame. Ine ndinali pomwepo pambali pa bambo anga, dzanja nditafumbata m'thumba la kabudula. Ndinkadziwa thabwa limene bambowo akanandimenyera, ndipo ndinaliyerekeza ndi nyumba ya munthu, dzina lake ndi malo ake mukwaya. Ndinasankha msana wanga. Anyamata anakwera padenga n'kuponya mabotolo pansi limodzi ndi limodzi, amayi akululutira. Sabata isanathe mwini nyumba anawauza kuti asamuke. Anachoka m'mawa kukuwaza mvula, katundu atamanga panjinga, ndipo sindinamvenso kumene anapita. Mwala wakuda uja anauiwala pakhonde. Mayi anautola n'kupsinjira lata lachimbudzi chathu kuti lisauluke ndi mphepo, ndipo unagwira ntchito imeneyo mpaka pamene tinasamuka.

Sukulu ndinayamba imvi zili mbuu, yakwacha, kuno ku Area 25, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba. Nditayamba kulumikiza mawu, mdzukulu wanga wa kusekondale ankandibwereka mabuku ake n'kumandimasulira povuta. Ndiye anandiuza kuti funso lija akalifufuzabe mpaka lero. Akatswiri amatsekera madzi ndi mipweya m'magalasi, n'kumathethetsamo magetsi ngati mphenzi. Chamoyo sichitulukamo, koma mumapangika tizinthu tina timene matupi athu amamangidwira. Tomweto amatipezanso m'miyala ina yogwa kuchokera kumwamba. Ndipo chimene amaopa koposa, anatero mwanayo, ndi chakuti kanthu kakunja kangalowemo, ngakhale thukuta lachala, n'kuwanamiza. Anadabwa kuona ndikutseka buku n'kutuluka panja. Anthu amenewo amalemekezedwa ndi mayina aatali. Wathu tinamuthamangitsa chifukwa cha mbuzi ziwiri.

Ndili mwana ndinkati a Yeremiya ndi chitsiru, pakuti anapatsidwa chinthu chimene ankachifuna dzinja lonse koma anachitaya m'ngalande. Ndinkatinso kusanditchula kwawo kunali mantha. Lero ndimagwira pensulo ndi chala chomwe chija, ndipo ndikudziwa kuti m'Kawale yense, ndi mabaibulo athu onse, munali munthu mmodzi yekha amene anakana bodza lomukomera. Liwu lija la m'kope mwawo, lakuti palibe, ndinaphunzira kulilemba mochedwa. Ndikhulupirira kuti tsiku lijanso, ife tili panja kuseka, anakhala pansi n'kulemba lomwelo.