Mankhwala Amene Amayi Anandituma

Titamaliza sukulu ya unamwino, anzanga onse analandira ziphaso zoyambira ntchito, ine ndekha anandikaniza. Ati ndinali ndi mbiri ya kukhoti, yopezeka ndi mankhwala osaloledwa. Popanda chiphasocho sindikanakhudza wodwala aliyense.

Mlanduwo unalipodi. Ndili mtsikana, amayi anandituma kutsidya kwa malire, ku Milanje, kukagula mankhwala othira m'chimanga poti kumeneko anali otchipa. Pobwerera anandigwira pachipata cha malire cha Muloza, khoti n'kundilipiritsa chindapusa. Koma wolemba chigamulo anangoti "mankhwala", basi, ngati sadziwa kuti akuchipatala, a kwa sing'anga ndi a mbewu dzina ndi lomwelo. Munthu ameneyo ndikamukumbukira ndimapsabe mtima.

Ndinachita apilo. Akuluakulu oona za ziphaso anabwera pa boma kudzamva dandaulo langa, ndipo mboni yanga inali amayi. Iwo anabwera kuno kuchokera kutsidya komweko pothawa nkhondo, n'kukalambira m'minda ya tiyi. Chichewa chawo chimakokera ku Chilomwe, ndipo sadziwa kuzungulira nkhani. M'minibasi ndinawachonderera kuti ayambe ndi mawu oti chimanga. Anangoti amva.

Wofunsa anali bambo wamagalasi, wosamwetulira.

"Mayi, mwana wanuyu anapezeka ndi mankhwala?"

"Eya, bwana. Ndinamutuma ndine."

"Munkafuna kuchita nawo chiyani?"

"Kuphera. Akwathu aja sachedwa ayi. Ukathira lero, mawa onse afa."

Bamboyo anasiya kulemba n'kuyang'ana anzake. Anali atandichenjeza kuti mboni ikamalankhula ndikhale chete, choncho ndinangoluma mlomo, ndikuona zaka zanga zonse za sukulu zikupita pachabe. Ndinawakwiyira amayi, sindinama.

Mayi wina wa m'gululo, namwino wachikulire, anafunsa chapansipansi kuti, "Afa ndani, amayi?"

"Anankafumbwe. Kodi inu kwanu kulibe?"

Palibe anaseka. Bambo uja anati wamva, komabe mlandu ndi mlandu, ndipo dzina lolembedwapo ndi langa. Apo amayi anatsika pampando n'kugwada pasimenti.

"Ndiye fufutani lake mulembepo langa, bwana. Ine tiyi sandifunsa chiphaso."

Anawadzutsa n'kutiuza kuti tikadikire panja. Tinakakhala pakhonde. Patapita nthawi anandiitana ndekha. Anati chiphaso andipatsa, koma chaka choyamba ndigwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo makiyi a kabati ya mankhwala sindidzawagwira. Zinandiwawa, koma ndinathokoza.

Ndinatuluka n'kuwauza amayi kuti zatheka. Sanasangalale msanga. Anamanga bwino chitenje chawo, n'kundifunsa modekha kuti, "Nanga ineyo anditengera kundende lero lomwe?"

Ndi pamene ndinasuzumira m'kachikwama kawo. Munali bulangete, sopo ndi mbale.